Ndevu za Bambo a Elube

Tinakwera kabaza pa Chitakale mame asanaume,
iwe pakati, ine kumbuyo, mayi ako panjinga ina,
buku lako la chipatala lili m'jumbo ya shuga.
Phiri linali litafunda nkhungu mpaka m'chiuno.
Sunalankhule njira yonse, Elube.
Unangokoka mpango kuphimba masaya.

Timatuzato tinayamba uli ndi zaka zinayi,
tiwiri pambali pa mphuno, tofiira ngati mapira,
kenaka khumi, kenaka tinaleka kuwerenga.
Abale anga anati zachokera kuchikazi,
mayi ako anadya chosayenera ali ndi pakati.
Ine ndinali pomwepo. Ndinangoyang'ana pansi.
Tsiku lina unakanda kamodzi kokha ndi chikhadabo,
magazi anatsika mpaka pa kolala ya yunifolomu,
ambiri kuposa kabala kake.

Ku Mishoni a Namakhwa anayatsa tochi ya foni,
nakugwira chibwano ngati dzira.
"Izi sizopatsirana," iwo anatero.
"Pansi pa khungupa timitsempha ta magazi tikumera mopyola,
tikupotana, tikuphuka nthambi posafunika nthambi.
Thupi lili ndi mawu ake oti basi, pakwana.
Mwa mwanayu mawuwo analembedwa moperewera chilembo.
Zili m'majini."

Mayi ako anagwira pamtima. Majini?
Mpando unalira pasimenti.
"Ayi mayi, osati a kwa sing'anga, osati ovutitsa usiku aja.
Awa ndi malemba a chibadwa,
omwe kholo limapatsira mwana pamodzi ndi mphuno,
pamodzi ndi kutalika kwa zala."
Kenaka tochi ija inatembenuka pang'onopang'ono,
ngati galimoto yokhota pa mphambano ya ku Muloza,
niima pa ine.
"Bambo, ndevuzi munayamba liti kusunga?"

Zaka makumi awiri, mwanawe.
Kuyambira tsiku lomwe lezala linandidula pachibwano
magazi nakana kuleka mpaka belu la fakitale.
Ndinavula malaya atandipempha.
Pamsana panga pali banga loyera, lalitali ngati tsamba la tiyi,
longa lomwe mayi ako amalipeza akamakusambitsa.
Iwo analiona usiku wathu woyamba, osafunsa.
Tsiku limenelo anayang'ana pawindo,
kumene mayi wina ankayanika matewera pa kapinga.

Ine ndine wodulira tiyi, chikwanje ndimachidziwa.
Ukadula nthambi imodzi chitsamba chimayankha ndi zisanu,
mizu ili phee m'dothi lofiira, ikumwa.
Choncho atati ku Blantyre angathe kutichepetsa
koma tingabwerenso, sindinadabwe.
Anati ayezenso impso, amvere mtima,
tikadzaona ukugwa kapena kuyang'ana malo amodzi nthawi yaitali
tisadikire kuche.
Zonsezo analemba ndi bolopeni yothina inki.

Pobwerera tinayenda wapansi, ndalama itathera m'mabanzi.
Mzere wa othyola unali kutali m'munda,
madengu kumsana, mitu yokha ikuyenda pa zobiriwira.
Unafunsa ngati iwenso udzapatsira wako.
Ndinati mwina, mwina ayi, a Namakhwa atero,
ngati ndalama yoponya m'mwamba.
Unati ndiye agogo anali nato?
Sindikudziwa. Chithunzi chawo n'chimodzi, chofufuma ndi mvula.

Loweruka ndinapita kwa Mulimbalimba wometa.
Ndinati pang'onopang'ono, achimwene, pali zophuka m'munsimu.
Makina analira, ndevu zinagwera pa nsalu,
mphepo ya m'phiri inandigwira chibwano koyamba.
Kwa alongo anga sindinapitebe kukanena.
Ndipita.

Lolemba ndinakuperekeza mpaka pageti la sukulu.
Ana anayang'ana iwe, nayang'ana ine, nayang'ananso iwe.
Mpango unali m'chikwama, kapena unauiwala pachingwe,
sindinafunse.
Kapitao anandidula theka la tsiku chifukwa chochedwa.